Ululu wosatherapo: tithamangire kuti?

Aliyense amene adayendako pa msika wa Mitundu kapena kudikira minibasi pa Nathenje adawaonapo ogulitsa mankhwala azitsamba. Ena amayala mizu ndi makungwa pa chiguduli, ena amanyamula mabotolo ndi chimkuzamawu, ndipo ena masiku ano amatsatsa pa WhatsApp. Botolo limodzi akuti limachiza msana, miyendo, mutu, shuga ndi matenda ena onse. Anthu amagula ndithu, ndipo sikuti ndi opusa. Ambiri amagula chifukwa thupi lawawawa kwa miyezi, tulo sakuona, khasu alephera kugwira, ndipo atopa.

A zaumoyo amati ululu ukapitirira miyezi itatu, umenewo ndi ululu wosatherapo. Vutoli ndi lofala pakati pa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, ngakhale amene akumwa bwino ma ARV. Achinyamatafe likutikhudza pawiri. Ena mwa ife tili ndi kachilomboka, ndipo ambiri ndife amene timatumidwa kukagula mankhwala a mayi, a malume kapena agogo. Choncho tiyenera kudziwa chimene tikukagula.

Ululu uli ndi gwero lake

Chinthu choyamba kudziwa n'chakuti ululu uliwonse uli ndi chimene chauyambitsa, ndipo mankhwala ake amasiyana.

Ululu umene anthu ambiri amadandaula nawo ndi wa m'mapazi. Ena amati mapazi akuotcha ngati aponda makala, ena amati akulasalasa ngati singano, ena amangomva dzanzi. Kawirikawiri umayambira ku zala za mapazi onse awiri ndipo umakula usiku. Zimenezi zimachitika mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi ikawonongeka. Kachilombo ka HIV pakokha kamatha kuiwononga, makamaka ngati munthu adachedwa kuyamba mankhwala. Matenda a shuga, mowa wambiri ndi kusowa kwa zakudya zina m'thupi zimachitanso chimodzimodzi.

Mankhwala ena a kuchipatala nawonso amabweretsa vutoli. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, anthu ambiri ankamwa Triomune, amene mkati mwake mudali mankhwala otchedwa stavudine. Mankhwalawa adapulumutsa miyoyo yambiri, koma adasiyira anthu ena dzanzi ndi kuotcha kwa mapazi. Dziko lathu lidayamba kuwasiya mu 2011, ndipo kuyambira mu 2019 anthu ambiri adasinthidwira ku ma ARV okhala ndi dolutegravir. Komabe mitsempha ikawonongeka imachedwa kuchira, n'chifukwa chake pali akuluakulu m'midzi mwathu amene akuvutikabe mpaka lero. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid amathanso kuyambitsa dzanzi, ndipo a chipatala amapereka vitamini B6 pofuna kupewa zimenezi.

Ululu wina ndi wa mashingozi. Matuza akauma, malo aja amatha kupitiriza kuotcha kwa miyezi, moti ngakhale malaya akakhudza munthu amalumpha. Anthu ena amati ndi kulodzedwa, koma mashingozi amabwera ndi kachilombo komwe kaja kamene kamayambitsa katsabola, kamene kamadzuka chitetezo cha m'thupi chikatsika. Munthu akafika kuchipatala pasanathe masiku atatu matuza atatuluka, mankhwala amagwira bwino ntchito.

Palinso ululu wa msana ndi wa molumikizana mafupa. Nthawi zambiri umabwera ndi ntchito yolemetsa monga kulima, kusenza mitolo ya fodya kapena kupalasa kabaza. Koma nthawi zina umakhala chizindikiro cha TB ya msana, imene mizu ndi mafuta opaka sizingachize.

Tidaphunzira chiyani pa Mchape?

Kufunafuna thandizo kunja kwa chipatala sikudayambe lero. Mu 1995 anthu miyandamiyanda ochokera m'zigawo zonse za dziko lino adakhamukira kufupi ndi Liwonde m'boma la Machinga kukamwa Mchape kwa a Billy Goodson Chisupe, amene ankati adalota mankhwala a Edzi. Nthawi imeneyo ma ARV kudalibe kuno, ndipo anthu adalibe kolowera. Mchape sudachize Edzi, ndipo maliro adapitirira.

Ku South Africa nduna ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, inkalimbikitsa adyo, mandimu ndi beetroot pomwe boma linkazengereza kupereka ma ARV. Akatswiri a ku yunivesite ya Harvard adawerengera mu 2008 kuti anthu oposa 330,000 adamwalira chifukwa cha kuchedwa kumeneko. Ku Gambia, mu 2007, pulezidenti Yahya Jammeh adalengeza kuti amachiza Edzi ndi zitsamba, ndipo odwala ake ankauzidwa kusiya ma ARV.

Kuno kwathu lamulo lokhudza HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kufalitsa nkhani zabodza zoti munthu ali ndi mankhwala ochiza Edzi. Ngakhale zili choncho, mu 2024 bungwe loona za mankhwala la PMRA lidachenjezanso anthu za mankhwala achinyengo otchedwa Gammora amene ankatsatsidwa pa intaneti. Phunziro lake ndi limodzi: aliyense wokuuzani kuti musiye ma ARV kuti mankhwala ake agwire ntchito, ameneyo akusewera ndi moyo wanu.

Zapakhomo zimene zimathandiza, ndi zimene zimavulaza

Sikuti chilichonse cha kumudzi n'choipa ayi. Ku Salima, malo osamalira odwala a Ndi Moyo, amene adayambitsidwa ndi namwino Lucy Finch, adadziwika chifukwa chogwiritsa ntchito zomera za m'dimba lawo pamodzi ndi mankhwala a kuchipatala. Chinsinsi chake ndi mawu akuti "pamodzi ndi", osati "m'malo mwa".

Kuthowa ndi kansalu kofunda kumachepetsa ululu wa msana ndi minofu. Kusisita mapazi pang'onopang'ono ndi mafuta madzulo kumathandiza ena kupeza tulo. Kuyenda pang'ono tsiku lililonse ndi kuwongola thupi n'kwabwino kuposa kugona pamphasa tsiku lonse, chifukwa thupi losayenda limauma ndipo ululu umakula. Masamba a cham'mwamba ndi ndiwo yabwino yopatsa thanzi, ngakhale sachiza HIV. Kucheza ndi anzathu, kupemphera ndi kuimba kumapepuza mtima, ndipo mtima ukapepuka ululu umapiririka. Nkhawa ndi kusowa tulo zimaukulitsa.

Koma pali zinthu zofunika kusamala nazo. Munthu wa dzanzi samva kutentha bwinobwino, choncho akhoza kupsa ndi madzi otentha kapena mbaula osadziwa. Wothowa ayambe wayesa madziwo ndi chigongono chake. Wodwalayo azivala nsapato zosathina ndi kuyang'ana mapazi ake tsiku lililonse ngati pali bala kapena munga.

Kutemera mphini n'koopsa. Lezala limodzi likagwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limatha kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi, ndipo bala lopakidwa phulusa kapena mizu yosinja limatha kusanduka chilonda chosapola, makamaka pa mwendo wa munthu wa shuga.

Zakumwa za m'mabotolo osalembedwa bwino vuto lake n'lakuti palibe amene akudziwa zimene zili mkatimo ndi mlingo wake. Chilichonse chimene timamwa chimadutsa m'chiwindi ndi mu impso, momwenso ma ARV amadutsa. Zitsamba zina zimafooketsa mphamvu ya ma ARV, zina zimawononga ziwalo zimenezi. Zotsegula m'mimba kapena zosanzitsa, zimene ogulitsa amati zikutsuka thupi, zimatha kutulutsa ma ARV asanalowe m'magazi.

Ena amalangiza kachasu kapena chamba kuti munthu aiwale ululu. Mowa umawononga mitsempha yomwe ikuwawayo ndipo umaiwalitsa nthawi yomwera mankhwala. Lamulo la mu 2020 lidalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso. Silidalole kusuta.

Nanga a m'golosale?

Mankhwala ogula pa okala nawonso si maswiti. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a Panado a 500 mg pa tsiku, ndipo wochepa thupi kapena womwa mowa ayenera kumwa ochepera apo, chifukwa akachuluka amawononga chiwindi. Bufen, Indocid ndi diclofenac akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, amene amafuna impso zathanzi. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala amenewa sathandiza kwenikweni pa kuotcha kwa mapazi, choncho munthu amangotha ndalama ndi impso zomwe.

Mankhwala a kutentha pamtima okhala ndi magnesium, komanso mapiritsi a calcium ndi oonjezera magazi, amatchinga dolutegravir kulowa bwino m'thupi akamwedwa nthawi imodzi. Funsani a chipatala kuti akuuzeni kasiyanitsidwe ka nthawi yake.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Anthu ambiri akapita kukatenga ma ARV ku chipatala cha Mitundu, cha Nathenje kapena cha Nkhoma amangolandira botolo n'kumapita. Amaopa kuchedwetsa mzere, kapena amaganiza kuti ululu ndi gawo la matendawa loyenera kungopirira. Koma dotolo sangaone ululu ndi maso. Muuzeni pamene pakuwawa, pamene zidayambira, mmene zikuwawira, ndi chimene chimakulitsa kapena kuchepetsa. Muuzeninso mosabisa zitsamba ndi mapiritsi onse amene mukumwa. Ngati n'kotheka, nyamulani botolo lenilenilo.

Thandizo lilipo. Pa ululu wa mitsempha pali mankhwala ake monga amitriptyline, amene amamwedwa usiku ndipo amatenga milungu ingapo kuti munthu aone kusintha. Pa ululu waukulu, monga wa khansa, pali morphine wakumwa, amene akaperekedwa ndi a chipatala pa mlingo woyenera amalola wodwala kugona ndi kudya. Kulandira chisamaliro chochepetsa ululu sikutanthauza kuti munthu watsala pang'ono kufa. Ntchitoyi idakula m'dziko muno m'zaka za m'ma 2000 kudzera m'malo monga Lighthouse ku Lilongwe ndi Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo bungwe la PACAM lidayamba mu 2005. Ululu wina sutheratu, koma umatha kuchepa mpaka munthu kubwerera kumunda kapena kusukulu.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira tsiku la ma ARV. Thamangirani kuchipatala ngati mutu ukuwawa kwambiri kwa masiku angapo pamodzi ndi kuuma khosi, kusanza kapena kusokonezeka. Ngati msana ukuwawa pamodzi ndi kuwonda, thukuta la usiku kapena kufooka kwa miyendo. Ngati maso achita chikasu. Ngati mashingozi atuluka pafupi ndi diso. Kapenanso ngati wodwala wayamba kulankhula zofuna kudzipha.

Kalabu yathu ingachitepo chiyani?

Pa msonkhano wotsatira, kambiranani za mankhwala amene akugulitsidwa m'dera lanu, ndipo itanani mlangizi wa zaumoyo kapena namwino kuti adzayankhe mafunso. Phunzitsanani mafunso atatu ofunsa musanagule chilichonse: Kodi mkatimu muli chiyani? Kodi a chipatala akudziwa kuti wodwala akumwa zimenezi? Kodi wogulitsayu akunena kuti tisiye ma ARV?

Pezani anthu a m'mudzi mwanu amene ululu wawatsekera m'nyumba. Atungireni madzi, awazireni nkhuni, akwezeni pa njinga tsiku lopita kuchipatala. Mnzathu akanena kuti akumva kuwawa, tisamuseke kuti ndi ulesi. Timukhulupirire, timuperekeze kwa a zaumoyo, ndipo tionetsetse kuti botolo lake la ma ARV silikudumpha tsiku.