Besi ya mtengo wa ng'ombe ikafika yopindika, mudandaula kwa ndani?

Gitala ya besi ni cida cimene anthu ambili sacizindikila mpaka citazima. Kwaya ingakhale na kiibodi yatsopano, ng'oma zabwino ndiponso oimba a mau okoma, koma besi ikangoti zii pakati pa nyimbo, azimai amene anali kuvina kutsogolo amayamba kuyang'anana. N'cifukwa cake ku Petauke na ku Nyimba kugula besi si nkhani ya mnyamata mmodzi. Mpingo wonse umasonkha. Azimai a cigwilizano amaponya zao, mlimi amapeleka thumba la nshawa kapena la cimanga, ndipo msungicuma amalemba zonse m'kabuku. Magulu oimba pa maukwati na pa kicheni pate naonso amabweleka ndalama kuti agule cida cimeneci.

Vuto limayambila pa mtunda. Petauke ili pafupi-fupi makilomita 400 kucokela ku Lusaka, Nyimba ili capafupi pang'ono, ndipo m'masiku amene n'nayenda m'matauni awiliwa sin'naone shopu imene munthu angatsitse besi pakhoma, kuilumikiza ku ampu, n'kuimvetsela asanatulutse ndalama. Ambili amagula na maso cabe. Wogulitsa wa ku Lusaka atumiza cithunzi pa WhatsApp, ndalama ipita pa foni, katoni ikwezedwa pa Intercity, ndipo maola angapo pambuyo pake wina aiyembekezela m'mbali mwa Great East Road. Ulendo wonsewo besi yagona pansi pa basi, pamodzi na masaka, matayala na cimene cingapezeke.

Ku Nyimba n'nakhala pansi na anyamata a kwaya ya chechi ina amene anagula besi ya nsambo zisanu mwa njila imeneyi. Ndalama zake zinali zokwana kugula ng'ombe. Sabata loyamba zonse zinali bwino. Pofika sabata lacitatu, nsambo zinayamba kukhudza tuzitsulo twa pakhosi n'kumalila monga nchenche yatsekeledwa m'botolo, ndipo poloŵetsa kebo panayamba kuthetheka. Anandionetsa mameseji. Asanalipile, wogulitsa anali kuyankha olo pakati pa usiku. Atadandaula, ati bweletsani tione, koma thilansipoti ni yanu. Atafunsa za kubweza ndalama, ati katundu akatuluka m'shopu sabwelela. Pambuyo pake foni inayamba kungolila.

Cimene cinandikhudza si besi yeni-yeniyo. Mnyamata amene anasankha cidaco manje akuyenda moŵelama, cifukwa akulu-akulu ena pa chechi akunong'onezana kuti mwina anagula yochipa n'kudya cenji. Palibe umboni uliwonse wa zimenezi, koma m'tauni yaing'ono mphekesela siyembekezela lisiti.

Apa tifunika kusiyanitsa zinthu ziŵili zimene ogula na ogulitsa omwe amasakaniza, nthawi zina mwadala. Pali besi yoonongeka, ndiye pali besi imene ikungofuna kucunidwa. Nsambo zinai za besi wamba zimakoka khosi na mphamvu yoposa makilogilamu 70, usana na usiku, ndipo ya nsambo zisanu imakoka koposa apo. Khosilo ni mtengo. Kuti lisagonje, mkati mwake mumadutsa kandodo kacitsulo kochedwa truss rod, kamene amakamanga kapena kukamasula na kaspanala ka Allen. Mtengo umamva nyengo. M'cilimwe ca Okutobala, pamene kutentha kwa ku cigwa ca Luangwa kumafika mpaka m'nyumba za malata za ku Nyimba, mtengo umauma n'kufota, ndipo nsonga za tuzitsulo zimayamba kutulukila m'mbali n'kumakanda zala. Mvula ikabwela mu Novembala, mtengo umamwa cinyontho n'kusinthanso. Besi yocokela ku fakitale ya ku China kapena ku Indonesia, imene yakhala m'kontena pa nyanja kenako m'nyumba yosungila katundu, ikafika kuno iyenela kusuntha ndithu. Kulila kwa nchenche kuja kambili kumatha ngati wodziŵa atembenuza kandodo kaja pang'ono cabe, osapitilila kota, n'kukweza nsambo pa bulichi. Wosadziŵa akamanga na mphamvu monga akumanga wilo ya ngolo, kandodo kamathyoka, ndipo pamenepo besi yapita.

Zoonongeka zeni-zeni n'zina. Khosi lopotoka, loti mbali imodzi yakwela ina yatsika, silingaongoke na spanala. Kandodo kozungulila cabe osagwila kanthu, tuzitsulo tosalingana msinkhu, mng'alu pamene khosi likumana na thupi, pikapu yosatulutsa mau: izi ni zolakwa za ku fakitale kapena za m'njila, ndipo wogula safunika kuzisenza. Besi ya ku Nyimba ija n'naiyang'ana kucokela ku mutu kutsetseleka m'khosi, monga mmene kalipentala ayang'anila thabwa, ndipo kupotoka kunali kuonekela ngakhale kwa ine amene sindiimba.

Zinanso n'zazing'ono moti munthu angaseke. Mabesi ambili a nsambo zisanu amayendela kabatile ka 9V kobisika kumbuyo, ndipo mukasiya kebo ili yoloŵetsa mukatha mapemphelo, batile imadyeka sabata yonse. Pa Sondo mau atuluka ophwanyika, anthu ati besi yafa. Kulila kwa "mmm" kosalekeza nakonso nthawi zambili kumacokela ku mawaya a nyumba opanda ethi kapena ku jenseti, imene machechi ambili anayamba kudalila pamene magetsi anavuta kwambili mu 2024. Wogulitsa wabwino angafotokoze zonsezi pa foni m'mamineti asanu. Kukana kucita ngakhale zimenezo ndiko kumaonetsa kuti anali kufuna ndalama cabe.

Ndiye pali nkhani ya dzina. Leo Fender anatulutsa Precision Bass mu 1951 ku California, Jazz Bass inatsatila mu 1960, ndipo kucokela nthawi imeneyo dzina la Fender pa mutu wa gitala limakweza mtengo. Opanga zabodza amadziŵa zimenezi bwino. Sitika ya dzina njosavuta kumata. Fender ili na mtundu wake wochipilapo wochedwa Squier, ndipo Yamaha, Ibanez na Cort amapanga mabesi olimba a mtengo wapakati. Kwa ine, Squier kapena Yamaha yeni-yeni ipambana "Fender" imene wogulitsa akana kukutumizilani cithunzi ca nambala yake ya siliyo. Nambala imeneyo mungaifufuze pa intaneti musanalipile. Dziŵaninso kuti walanti ya makampani aakuluwa imayendela mwa ogulitsa ovomelezeka ndipo imafuna lisiti. Besi imene munthu anabwela nayo m'cikwama kucokela ku Johannesburg kapena kudzela pa Nakonde ingakhale yeni-yeni, koma ikavuta, kampani idzakubwezani kwa amene anakugulitsani.

Nanga lamulo likuti bwanji? Anyamata a ku Nyimba anadabwa n'tawauza kuti mau aja akuti katundu sabwelela alibe mphamvu. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act, nambala 24 la caka ca 2010, m'gawo 48 limaletsa mwini shopu kuika cikwangwani kapena cidziŵitso cokana udindo wake kapena colanda wogula ufulu umene lamulo limam'patsa. Gawo 49 limaletsa kugulitsa katundu woonongeka kapena wosayenela nchito imene anagulila, ndipo linachula zakuti wogulitsa abweze ndalama m'masiku 7 kapena apeleke katundu wina wabwino ngati wogula wasankha telo. Bungwe loona za lamuloli ni Competition and Consumer Protection Commission, CCPC mwacidule, ndipo kuno kum'maŵa ofesi yao ili ku Chipata. Kudandaula kumeneko sikulipilitsa.

Koma masiku 7 ni ocepa kwa munthu wa ku Nyimba. Tsiku limodzi lathela pa basi, kwaya imakumana mwina kaŵili pa sabata, ndipo khosi lopotoka silionekela msanga kwa munthu amene akusangalala na kuwala kwa penti. Cinanso, CCPC ifuna umboni: lisiti, dzina la shopu, malo ake. Ambili amene n'nakamba nao ku Petauke anali na meseji ya ndalama ya pa foni cabe, yolembedwa dzina la munthu wina wosiyana na amene anali kukamba naye. Meseji imeneyo isungeni ndithu, pamodzi na zithunzi na mau onse a pa WhatsApp, koma shopu yokhala na khomo na lisiti ya dzina lake ndiyo yosavuta kuilondola kupambana tsamba la pa Facebook limene lingazime mailo.

Oimba akale ku Petauke ali na njila yao. Satumiza ndalama mpaka m'bale kapena mnzao woimba wa ku Lusaka apite yekha, aimbe nsambo iliyonse pa kacitsulo kalikonse, agwedeze kebo, atembenuze mabatani onse, ajambule vidiyo. Ena amaonjezela ndalama kuti besi ibwele m'bokosi lolimba m'malo mwa katoni, ndipo amakambilana na kondakita kuti isagone pansi pa masaka. Amauzanso wogulitsa kuti alembe pa lisiti nambala ya siliyo na nthawi ya walanti. Wina anandiseketsa pondikumbutsa kuti besi ya kalindula, ija ya cikopa na mtengo imene inapatsa dzina nyimbo za ku Luapula, ikavuta mwini wake anali kungotenga mpeni na waya n'kuikonza pansi pa mtengo wa mango.

Ya magetsi siili conco. Pa msika wa Petauke okonza mawailesi na mafoni angakuwochelelani waya wa jeki kapena kusintha batani la voliyumu mukuyembekezela. Kusalaza tuzitsulo kapena kusintha khosi kumafuna zida zina na munthu wozoloŵela, ndipo pa nchito imeneyo besi ikwelanso basi kubwelela ku Lusaka, kwaya n'kukhala masabata angapo ikudalila dzanja lamanzele la woimba kiibodi.