Zofunika kulingalira posankha galimoto yaliwiro yoyendera tsiku ndi tsiku

LILONGWE - Ogwira ntchito m'boma omwe akulingalira zogula galimoto ya saluni yaliwiro kuti aziyendera popita kuntchito akuyenera kudziwa kuti ndalama yogulira galimotoyo ndi chiyambi chabe, popeza mtolo weniweni umadza mwezi ndi mwezi kudzera mu mafuta, matayala ndi zipangizo.

Galimoto zomwe zikunenedwa pano ndi zija za zitseko zinayi ndi buti kumbuyo, zomwe zimanyamula anthu asanu monga saluni ina iliyonse, koma zili ndi injini yamphamvu, ndi zotsika pansi, ndipo zili ndi mashoko olimba komanso matayala otambalala kuti zizigwira bwino msewu pokhota.

Zina mwa galimoto zotere zomwe zimaoneka m'misewu ya m'dziko muno ndi Toyota Mark X, Toyota Altezza, Subaru Legacy B4, BMW 3 Series komanso Mercedes-Benz C-Class.

Zambiri mwa izo zimabwera zitagwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo zimatsikira padoko la Dar es Salaam m'dziko la Tanzania n'kulowera pachipata cha Songwe m'boma la Karonga, pomwe zina zimadzera ku Durban m'dziko la South Africa.

Chinthu choyamba chomwe wogula akuyenera kuonetsetsa ndi zaka za galimoto, chifukwa ina imaoneka yowala pachithunzi pomwe ndi yokalamba.

Kampani ya Toyota inapanga Altezza kuyambira m'chaka cha 1998 mpaka 2005, kutanthauza kuti palibe Altezza yomwe siinakwanitse zaka 20. Mark X inayamba kupangidwa m'chaka cha 2004 polowa m'malo mwa Mark II, ndipo inasiya kupangidwa m'chaka cha 2019.

Galimoto ikafika zaka zotere, mapaipi a madzi, mabushi, mashoko ndi zonse za labala zimakhala zitauma ngakhale makilomita omwe yayenda ataoneka ochepa. Kuonjezera apo, galimoto yaliwiro nthawi zina imakhala kuti eni ake oyamba ankaithamangitsa, ndipo kutopa kwa injini ndi giya sikuoneka pachithunzi.

Zaka za galimoto zimakhudzanso msonkho. Bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority limawerengera msonkho wa galimoto zolowa m'dziko muno potengera, mwa zina, kukula kwa injini ndi zaka zomwe galimotoyo yakhala.

Izi zikutanthauza kuti galimoto yomwe ikuoneka yotsika mtengo ku Japan kaamba kokalamba komanso kukhala ndi injini yaikulu ikhoza kudzakwera mtengo ikafika pachipata. Choncho ndi kwanzeru kukafunsa kaye ku bungweli kuchuluka kwa msonkho ndalama isanatumizidwe kunja, kusiyana n'kuti galimoto idzakhale pachipata ikudikira mwini wake akusaka ngongole yachiwiri.

Nkhani yachiwiri ndi ya mafuta. Mark X ili ndi injini ya masilinda 6, ndipo yaing'ono mwa injini zake ndi ya 2500cc, pomwe zina ndi za 3000cc ndi 3500cc. Toyota Corolla Axio, yomwe anthu ambiri amayendera m'tauni, kawirikawiri imakhala ndi injini ya masilinda 4 ya 1500cc.

Injini yaikulu imamwa kwambiri makamaka pamdipiti wa galimoto wa m'mawa ndi madzulo, monga momwe zimakhalira mumsewu wa Masauko Chipembere mumzinda wa Blantyre kapena popita ku Capital Hill mumzinda wa Lilongwe, pomwe galimoto imangoti kuyenda pang'ono kuima, injini ikulira.

Pongoyerekeza chabe, munthu yemwe amayenda makilomita 30 patsiku kwa masiku 22 ogwira ntchito amakwanitsa makilomita 660 pamwezi. Ngati galimoto yake imayenda makilomita 15 pa lita imodzi, amafuna malita 44, koma ngati imayenda makilomita 9 pa lita, amafuna malita 73.

Kusiyana kwa malita 29 pamwezi kumafika pafupifupi malita 350 pachaka, osawerengera maulendo a kumudzi, a kumaliro ndi a kutchalitchi. Kwa munthu wodalira malipiro a pamwezi omwe akudulidwa kale ngongole ya galimoto yomweyo, ndalama imeneyi imachoka pa chakudya kapena pa fizi ya ana.

Ambiri akukumbukira mizere italiitali ya m'malo omwetsera mafuta ya m'zaka za 2011 ndi 2012, komanso yomwe inabweranso kuyambira m'chaka cha 2022. Pa nthawi zotere, mwini galimoto yomwa kwambiri ndi yemwe amabwerera pamzere mwachangu.

Mtundu wa petulo nawonso ndi wofunika kuuganizira. Ku Japan amagulitsa petulo wamba ndi petulo wa octane yokwera, ndipo injini zina monga za Subaru zokhala ndi turbo, Altezza RS200 ndi Mark X ya 3500cc zinapangidwa kuti zizimwa wa octane yokwera.

Injini zotere zikamwa petulo wosagwirizana nazo, kompyuta ya galimoto imachepetsa mphamvu pofuna kuteteza injini, ndipo mwini wake amakhala atalipira mphamvu yomwe sakuilandira yonse. Mtundu wa petulo wofunika umakhala utalembedwa m'buku la galimoto kapena kuseri kwa chitseko cha thanki.

Nkhani yachitatu, yomwe ambiri saiganizira pogula, ndi ya matayala. Manambala olembedwa m'mbali mwa tayala amafotokoza kutambalala kwake, kutalika kwa khoma lake ndi kukula kwa limu.

Mwachitsanzo, tayala lolembedwa 215/60R16 ndi lotambalala mamilimita 215, khoma lake ndi magawo 60 pa 100 a kutambalalako, omwe ndi mamilimita 129, ndipo limavala limu ya mainchesi 16. Tayala lolembedwa 235/45R18 khoma lake ndi la mamilimita pafupifupi 106 okha.

Tayala la khoma lalifupi limakongoletsa galimoto ndipo limagwira bwino pokhota pamsewu wosalala, koma likagwera m'dzenje mphepo ya m'kati imakhala yochepa yoti n'kulandira nkhonyayo. Zotsatira zake ndi chotupa m'mbali mwa tayala kapena limu yopindika, ndipo tayala lotupa silikonzeka koma kugula lina.

M'dziko lomwe misewu imakumbika m'nyengo ya dzinja, ndipo ina inaonongeka kwambiri ndi namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023, galimoto ya malimu a mainchesi 16 imapirira kuposa ya mainchesi 18, ndiponso matayala ake savuta kupeza.

BMW 3 Series ya mtundu wa E90, yomwe inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2005, inkatuluka kufakitale ndi matayala otchedwa run-flat popanda tayala lapadera m'buti. Matayalawa amatha kuyendabe mtunda wa makilomita pafupifupi 80 ataphwa, koma ndi okwera mtengo. Mwini galimoto akaika matayala wamba n'kuiwala kugula lapadera ndi jeke, tsiku lina amadzagona panjira.

Galimoto zina zochokera ku Japan zimabwera zitavala matayala oyendera pachipale chofewa. Matayala amenewa amaoneka a mano ambiri, koma labala wake ndi wofewa, amatha msanga paphula wotentha ndipo amatalikitsa mtunda woimira. Wogula akuyenera kuwerengera mtengo wowasintha onse anayi.

Kutsika pansi kwa galimoto ndi vuto lina. Anthu ambiri ogwira ntchito m'mizinda amakhala m'madera omwe msewu wa phula umathera panjira, ndipo chigawo chotsala chofika kunyumba chimakhala chafumbi, cha miyala ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi a mvula.

Saluni yotsika ikanyamula anthu asanu ndi thumba la chimanga imakhula pansi pa mahampu, ndipo zomwe zimayamba kuonongeka ndi bampala, ekizozi ndi sampu yomwe imasunga oyilo wa injini. Sampu ikabooka dalaivala osazindikira, injini yonse ikhoza kufa pa mphindi zochepa. N'chifukwa chake galimoto yomwe eni ake oyamba anaitsitsa dala posintha masipuling'i siyoyenera kugulidwa ngati yoyendera tsiku ndi tsiku.

Wogula akuyeneranso kudziwa matayala omwe amalandira mphamvu ya injini. Pa Altezza ndi Mark X zambiri, komanso BMW ndi Mercedes-Benz zambiri, mphamvu imapita ku matayala akumbuyo. Galimoto zotere zimakoma kuyendetsa pamsewu wouma, koma pamatope kapena paphula wonyowa kumbuyo kwake kumaterereka dalaivala akaponda moto mwadzidzidzi, makamaka ngati matayala atha.

Subaru Legacy B4 imatumiza mphamvu ku matayala onse anayi, zomwe zimathandiza m'nyengo ya mvula. Komabe galimoto yotere imafuna kuti matayala onse akhale a saizi imodzi komanso otha mofanana, apo ayi zitsulo zogawa mphamvu zimaonongeka. Chizolowezi chogula tayala limodzi lakaunjika pakutha pa mwezi sichigwirizana nayo.

Pa nkhani ya zipangizo, dziko lino limaitanitsa kunja pafupifupi chilichonse cha galimoto, choncho mitengo imatsatira mphamvu ya kwacha. Ndalamayi inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 m'mwezi wa May 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 m'mwezi wa November 2023, ndipo nthawi zonse ziwiri katundu wochokera kunja anakwera mtengo.

Zipangizo za Toyota zimapezeka m'masitolo ambiri ndipo amakaniko ozidziwa ndi ochuluka. Za BMW ndi Mercedes-Benz kawirikawiri zimachokera ku South Africa, komwe BMW inkapanga 3 Series kufakitale ya Rosslyn kufupi ndi Pretoria mpaka m'chaka cha 2018, ndipo Mercedes-Benz yakhala ikupanga C-Class mumzinda wa East London. Kwa wogwira ntchito yemwe akhoza kusamutsidwira kuboma lakutali ndi mizinda, funso loti ndani adzakonze galimotoyo ndi lofunika kuliyankha asanagule.

Injini za Altezza ndi za Subaru za mtundu wa EJ zimagwiritsa ntchito lamba wotchedwa timing belt, yemwe amafuna kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, pomwe za Mark X zimagwiritsa ntchito tcheni. Pa injini zambiri, lambayu akaduka galimoto ikuyenda, mavavu amapindika. Injini ya turbo imafunanso oyilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake popanda kuzengereza.

Ngati galimoto ikugulidwa m'dziko momwe muno, wogula akuyenera kupita ndi makaniko wake, kuilizitsa injini ili yozizira, kuona ngati sikutuluka utsi wobiriwira, kuyang'ana kunsi ngati kulibe dzimbiri kapena oyilo wodontha, ndi kuiyesa mumsewu womwe azidzayendamo tsiku lililonse. Nambala ya chasisi iyenera kufanana ndi yomwe ili pamapepala a nthambi yoona za pamsewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, ndipo galimoto isayende popanda inshuwalansi ndi chiphaso cha COF.

Koma choposa zonsezi ndi moyo wa anthu. Galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 120 pa ola imadutsa mamita 33 pa sekondi imodzi, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womwe mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umawirikiza kanayi.

Msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre umadutsa m'malo amalonda monga Nathenje, Lizulu, Kampepuza, Zalewa ndi Lunzu, pomwe pamakhala oyenda pansi, akabaza, ana asukulu ndi ziweto. Saluni yamphamvu imathamanga mwakachetechete moti dalaivala sazindikira kuti wapyola muyeso, ndipo malamulo a liwiro sasintha kaamba ka mtundu wa galimoto.

Zonsezi sizikutanthauza kuti saluni yaliwiro ndi yosayenera. Mphamvu yake imathandiza kupitirira galimoto yaikulu mwachangu pamalo ololedwa, imakwera bwino zitunda monga za Chiweta, ndipo pa ulendo wautali munthu satopa nayo.

Chofunika n'chakuti wogula asankhe yomwe ili ndi injini yaing'ono pa mtundu wake, yopanda turbo, ya malimu ndi masipuling'i a kufakitale, komanso yomwe zipangizo zake zimapezeka komwe iye amakhala. Asanasaine ngongole, awerengere limodzi msonkho, inshuwalansi, mafuta a pamwezi ndi matayala anayi, ndipo ngati malipiro sakukwanira zonsezi, galimotoyo idzakhala nthawi yaitali pamiyala kuseri kwa nyumba pomwe ngongole yake ikudulidwabe.