Makina a high-flow: kukweza malita a mpweya kumathandiza wodwala, komanso kumatha okosijeni

Chiyambire mliri wa Covid-19, womwe mu January 2021 unachititsa kuti okosijeni asowe m'zipatala za m'dziko muno, makina opereka mpweya wambiri kudzera m'mphuno, otchedwa high-flow, akhala akutchulidwa pokamba za odwala obanika. Akuluakulu ogula zipangizo za m'zipatala ayenera kudziwa kuti phindu la makinawa ndiponso mtengo wake zagona pa momwe awatcherera.

Dokotala amatchera zinthu zitatu: malita a mpweya wotuluka pa mphindi, omwe amafika 60 kwa munthu wamkulu, gawo la okosijeni mu mpweyawo, kuyambira 21 mpaka 100 peresenti, ndi kutentha kwake, kawirikawiri madigiri 37. Mpweyawo umakhalanso ndi chinyezi, apo ayi ukanaumitsa mphuno.

Chachikulu pa zitatuzi ndi malita. Timapaipi ta masiku onse timapereka malita osaposa 6 pa mphindi, pomwe munthu wobanika amatha kukoka mpweya pa liwiro loposa malita 60. Wopereŵerawo amaukoka m'chipinda, ndipo umasungunula okosijeni amene wapatsidwa. Malita a makina akayandikira liwiro limene wodwala akukokera, okosijeni wofika m'mapapo amayandikiranso mlingo umene dokotala watchera. N'chifukwa chake kukweza peresenti yokha, malita ali otsika, nthawi zambiri sikuthandiza kwenikweni. Mpweya wothamangawo umatsukanso mpweya woipa wotsalira m'mphuno ndi kukhosi, motero wodwala sapuma mwaŵefuŵefu.

Pa nkhani ya mphamvu imene mpweya umakankhira m'njira yopumira, ambiri amayembekeza zoposa. Kafukufuku wa Rachael Parke ndi anzake ku Auckland, m'dziko la New Zealand, anapeza mu 2009 kuti pa malita 35, mphamvuyi inali pafupifupi masentimita a madzi 2.7 wodwala atatseka pakamwa, ndi 1.2 atayasamula. Imakwera malita akakwera, koma ndi yochepa, ndipo palibe batani loikhazikitsira. Timapaipiti sitiyenera kutseka mphuno yonse, choncho mpweya wina umathaŵa. Apa ndi pamene makinawa akusiyana ndi CPAP, monga Pumani yothandizira makanda, imene inayesedwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre: pa iyo mphamvu amachita kuitchera.

Mu 2015, kafukufuku wa FLORALI pa odwala 310 ku France ndi Belgium anasonyeza kuti omwe anapatsidwa high-flow anamwalira ochepa m'masiku 90, ngakhale chiŵerengero cha oikidwa pa makina opumira sichinasiyane mokhutiritsa.

Vuto lili pa okosijeni wofunika. Wodwala wa pa malita 50 ndi 60 peresenti amatha malita pafupifupi 25 a okosijeni pa mphindi. Pa malita 60 ndi 100 peresenti, amatha malita 3,600 pa ola, kutanthauza kuti silinda yaikulu ya malita 6,800 sikwanitsa maola awiri. Makina ang'onoang'ono osefa okosijeni, ofala m'zipatala za m'maboma, amatulutsa malita 5 kapena 10 basi. Chipatala chopanda fakitale ya okosijeni kapena thanki yaikulu chikalandira makina a high-flow, wodwala mmodzi angathe kumaliza okosijeni wa wodi yonse usiku umodzi.