Kodi Bwenzi Lenileni Limadziwika Bwanji?

Pa tsiku la malipiro munthu wa pa mgodi wa Nkana sasowa anzake. M'makomboni a Wusakile ndi Chamboli ku Kitwe, ngakhale ku Chifubu mu Ndola, mwini ndalama amayenda ndi cigulu pambuyo. Koma pamene mtengo wa kopa unagwa m'caka ca 1975, ndiponso pamene migodi ya ZCCM inatha kugulitsidwa m'caka ca 2000, ambiri amene anacotsedwa nchito anadzuka ali okha. Anzao a pa mowa anazimiririka.

Nkhani yotere ndi yakale. Ku Athens, m'dziko la Greece, zaka ngati 300 Yesu asanabadwe, mphunzitsi wina dzina lake Zeno anayambitsa gulu la anthu anzeru lochedwa Astoiki. Iwo anaphunzitsa kuti cuma ceniceni ca munthu ndi khalidwe lake, popeza ndalama ndi udindo zingathe kulandidwa tsiku lirilonse.

Mmodzi wa iwo, Epictetus, amene anabadwira mu ukapolo, anapereka fanizo la tiagalu tiwiri tosewera mokondana. Munthu akaponya nyama pakati pao, pomwepo cikondi cimasanduka ndeu. Anati anthunso ali cimodzimodzi ngati mtima wao uli pa phindu.

Seneca wa ku Rome, amene anamwalira m'caka ca 65, analangiza mnzake Lucilius m'makalata kuti ayambe wamuyesa munthu asanapalane naye ubwenzi, koma akamulandira amukhulupirire ndi mtima wonse. Anatinso wanzeru safuna bwenzi loti lidzamudwazike iye, koma loti iye akalidwazike.

Nzeru imeneyi si yacilendo kuno ku migodi. Anthu ocokera ku Chipata, Petauke ndi Katete anafika kuno opanda mbale, ndipo maliro akagwa, amene anali kukumba manda ndi kunyamula bokosi anali Abemba, mwa mwambo wa cimbuya. Makolo a Angoni ndi Abemba anamenyana ndi mikondo, koma adzukulu ao anaikana m'manda osalipiritsana.

Tsono awerengi, musanawerenge anzanu amene anakuthawani, dzifunseni kuti ndi angati amene inu munawayendera ku cipatala kapena atacotsedwa nchito. Akulu anati mnzako akapsa ndebvu mzimire. Astoiki akanaonjeza kuti mzimire ngakhale usakuyembekeza kuti mawa adzazima zako.