Cifukwa Ninji Wopulumutsidwa Ayesedwabe?

Pali funso limodzi limene limabvuta Akristu ambiri a ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose, ku Mabvuku ndi m'makomboni ena a mzinda wa Harare, ndipo libvuta akulu ndi ana omwe. Funsolo ndi ili: ngati munthu analapa moona, nabatizidwa, nalandira cipulumutso, nanga cifukwa ninji mtima wace ukhumbabe zomwe zija anazisiya? Bambo wina aleka mowa pa Paskha, koma pofika nyengo yacisanu apezeka wagwiranso botolo. Mai wina apemphera m'mamawa ndi misozi, madzulo ace ali kutukwanizana ndi mnansi wace pa mzere wa pa mjigo. Ambiri a iwo safunsa funsoli mokweza ai. Amangoleka kubwera ku chalichi, poyesa kuti kapena iwo sanapulumuke konse, kapena pali munthu anawacita cipongwe ndi mankhwala.

Funso limeneli siliri latsopano mu mzindawo. Linafika ndi makolo a anthu ambiri okhala m'makomboni amenewa, pamene mzinda unali kuchedwa Salisbury, dzina limene unakhala nalo kufikira caka ca 1982. Kuyambira zaka zoyamba za m'ma 1900, amuna a ku Dedza, ku Ncheu, ku Dowa, ku Zomba, ku Angonia ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, anali kuyenda pansi milungu ingapo, naoloka Zambezi pa Tete, napyola ku Mutoko, kudzafuna ndalama za msonkho, nsaru ndi njinga ku dziko limene kwao anali kulicha Halale. Ambiri mwa iwo anali Akristu obatizidwa kapena a m'kalasi, ophunzitsidwa ku Mvera, ku Nkhoma, ku Blantyre ndi ku Livingstonia.

Zimene anapeza kumeneko zinali zosiyana kotheratu ndi za kumudzi. Boma la masiku amenewo linali kufuna manja a munthu, osati banja lace. Komboni ya Harari, imene lero ndi Mbare, inatsegulidwa m'caka ca 1907, ndipo m'kupita kwa zaka anamangamo nyumba zazikuru za amuna okha-okha, monga za Matapi zimene ziripo kufikira lero. Mwamuna anali kugona m'cipinda cimodzi ndi anzace angapo, mkazi wace ndi ana ali kutsidya la Zambezi. Panalibe atsibweni ace omyang'ana, panalibe mfumu, panalibe apongozi oti nkuwacitira manyazi. Koma holo ya mowa inalipo, skokiaan wophika mobisa analipo, njuga inalipo, ndipo analiponso maukwati a kanthawi amene anthu anawacha a mapoto. Cotero amuna ena amene kwao anali kutsogolera nyimbo ndi kuphunzitsa ana anagwa, ndipo manyazi a kugwako anathandiza kuwasandutsa machona, pakuti munthu anali kuopa kubwerera kwao cimanjamanja, mbiri yace itatsogola kale.

Akristu omwewo ndiwo anaona kufooka kwao, napempha amishoni a ku Nyasaland kuti awatumizire mbusa. M'caka ca 1912 Mbusa T.C.B. Vlok, mmodzi wa iwo amene anayamba nchito ya pa Mvera m'caka ca 1889, anafika ku Salisbury kudzawaweta, ndipo nchito imeneyo inakula kufikira inakhala Sinodi ya pa yokha ya mpingo wa CCAP m'caka ca 1965. Cinthu coyenera kuciyang'anitsa ndi ici: mpingowo sunanene kuti onse akugwa aja anali Akristu onama. Unasunga mwambo umene unacokera nao kwao, wakuti wocimwa aitanidwe ku bwalo la akulu a mpingo, aletsedwe Mgonero wa Ambuye kwa nthawi, alangizidwe, ndipo pambuyo pace abwezedwe. Mpingo umene ukonza khomo lobwererapo udziwiratu kuti ana ace adzagwa.

Tsono cifukwa cace nciani? Aphunzitsi a Mau a Mulungu amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amazisokoneza. Cina ndi kulungamitsidwa, ndiko kunena kuti Mulungu wamkhululukira munthu namlandira cifukwa ca Kristu. Ici cicitika kamodzi, ndipo ciri cathunthu. Cinzace ndi kuyeretsedwa, ndiko kusandulika kwa makhalidwe, maganizo ndi zilakolako. Ici ndi nchito ya moyo wonse. Mlimi ali yense wa ku Dowa kapena ku Petauke adziwa kusiyana kumeneku. Tsiku limene mfumu ipatsa munthu thengo, mundawo ndi wace ndithu, ndipo palibe angamlande. Koma akaswa mphanje, nagwetsa mitengo, natentha, zitsa zimatsala m'nthaka. Mvula yoyamba ikagwa, zitsa ziphuka pamodzi ndi cimanga, ndipo nansongole amene anaoneka ngati wapsa atulukanso, popeza mizu yace iri pansi pamene moto sunafike. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti mundawo suli wa mwini wace cifukwa mwaphuka zitsa. Anena cabe kuti khasu ndi nkhwangwa zisapacikidwe msanga.

Baibulo lomwe silibisa zimenezi. Yesu mwini anayesedwa m'cipululu masiku 40, ndipo ici cinacitika atangobatizidwa kumene. Pamenepa paoneka kuti kuyesedwa pa kokha sikuli chimo, ndiponso kuti ubatizo suthamangitsa woyesayo. Petro, ngakhale atalandira Mzimu Woyera pa Pentekoste, anacita mantha ku Antiokeya naleka kudya ndi Akristu a mitundu ina, kotero kuti Paulo anamdzudzula pamaso pa anthu. Koma citsanzo coyandikira koposa ku Harare ndi ca ku Korinto, mzinda wa pa doko wodzala ndi alendo ofuna ndalama. Paulo polembera Akristu a kumeneko awacha oyera mtima, koma m'kalata yomweyo awadzudzula cifukwa ca magawano, cigololo, kusumirana ku mabwalo a milandu, ndi kuledzera pa Mgonero peni-peni. Mu Agalatiya mutu 5 afotokoza kuti thupi ndi Mzimu zikokana mwa wokhulupirira, ndipo mu Aroma mutu 7 aonetsa munthu wofuna cabwino amene manja ace acita cina. Ophunzira akhala akutsutsana ngati mutu umenewu unena za Paulo asanatembenuke kapena atatembenuka. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, poyamba anayesa kuti unena za munthu wosatembenuka, koma atakalamba anasintha maganizo nati unena za Mkristu. Kapena ukalamba unamphunzitsa zimene mabuku sanathe kumphunzitsa.

Augustine yemweyo anatsutsana ndi Pelagius, amene anali kuphunzitsa kuti munthu angathe kukhala wopanda chimo ngati afunitsitsa, ndipo msonkhano wa ku Carthage wa m'caka ca 418 unakana ciphunzitso ca Pelagius. Pa nkhani imeneyi mipingo yosiyana pa zambiri iyandikana modabwitsa. Martin Luther anati Mkristu ali wolungama ndi wocimwa pa nthawi imodzi. Msonkhano wa Akatolika wa ku Trent m'caka ca 1546 unati cilakolako cimatsala mwa wobatizidwa kuti alimbane naco, ngakhale unakana kucicha chimo leni-leni ngati munthu sacibvomera. Katekisma wa ku Heidelberg wa 1563, amene mipingo yobadwa mwa Dutch Reformed Church imlemekeza, aphunzitsa kuti ndi opembedza koposa omwe, pa moyo uno angoyamba cabe ulendo wa kumvera. John Wesley, amene otsatira ace anafika ku Salisbury m'caka ca 1891, anayembekeza zoposa anzace, pokhulupirira kuti Mkristu angafike pa cikondi cangwiro asanamwalire. Koma iyenso anabvomera kuti ucimo umatsalira mwa okhulupirira.

Palinso mbali ya thupi, imene makolo anaidziwa pamene anati madzi saiwala khwawa. Cinthu cimene munthu wacicita zaka zambiri cimakumba njira m'bongo mwace, ndipo njirayo siikwiririka tsiku limodzi. M'makomboni a Harare nkhani iyi yafika poopsa cifukwa ca mankhwala ozunguza bongo, maka-maka amene anyamata awacha mutoriro kapena guka, ndi mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine amene awacha bronco. Madokotala afotokoza kuti mankhwala otere amasintha kagwiridwe ka nchito ka bongo, kotero kuti munthu atawaleka miyezi yambiri, kungoona ngodya ya mseu pamene anali kugula, kapena kukomana ndi mnzace wakale, kumautsa njala yonse ija. Anenanso kuti kubwerera m'mbuyo kumacitika kawiri-kawiri mwa iwo amene ali pa njira ya kucira, ndipo sikutanthauza kuti cithandizo calephera. Mnyamata amene anagwada pa msonkhano wa citsitsimutso analapa moona. Koma anadzuka ndi bongo womwewo, nabwerera ku cipinda comweco ndi kwa anzace omwewo. Wotere afunika pemphero, afunikanso cipatala, ndi munthu wamkulu womfunsa tsiku ndi tsiku kumene waswera.

Malonso ali ndi mphamvu yace. Cipulumutso sicimsamutsa munthu ku Mbare, ndipo sicimpatsa nchito. M'caka ca 2005 boma linagwetsa nyumba ndi misika m'makomboni pa nchito imene inachedwa Murambatsvina, ndipo nthumwi ya United Nations inawerengera kuti anthu ngati 700,000 anataya pokhala kapena popezera cakudya. M'caka ca 2008 ndalama inatha mphamvu kotero kuti malipiro a mwezi wathunthu sanali kukwanira kugula cakudya ca masiku owerengeka, m'masitolo munali mbee, ndipo kuciyambi kwa 2009 kunaturuka pepala limodzi la madola 100 trillion. M'masiku otere mkulu wa mpingo amene sanabepo ndi kale lonse anali kusankha pakati pa malonda a mseri ndi njala ya ana ace. Umphawi suyeretsa kuba kapena ciphuphu, koma wonena za mayesero a munthu wa m'komboni osachula njala yace sananene zonse.

Mipingo ya Pentekoste yacita zazikuru m'makomboni amenewa. Mpingo wa ZAOGA, umene unayambidwa ndi Ezekiel Guti m'caka ca 1960 nukula kolimba ku Highfield, pamodzi ndi ina yotere, unathandiza amuna ambiri kuleka mowa ndi kufika ndi malipiro ao kunyumba, ndipo akazi ndi ana ao ndiwo mboni. Koma pakati pa alaliki ndi aneneri ocuruka a masiku ano pali ena amene apitirira muyeso, pophunzitsa kuti chimo liri lonse liri ndi ciwanda cace kapena temberero la makolo, ndi kuti pemphero limodzi la munthu wa Mulungu lidzathetsa zonse. Adzukulu a machona ciphunzitso ici cimawagwera molemera, pakuti sikucedwa kuwauza kuti bvuto lao licokera ku gule wamkulu wa agogo ao, amene Ashona amcha zvigure. Baibulo silikana kuti Satana alipo ndi kuti ayesa anthu. Koma kalata ya Yakobo iika muzu wa kuyesedwa m'cilakolako ca mwini wace, ndipo kalata yoyamba ya Yohane iti wodziyesa wopanda chimo adzinyenga. Munthu amene anauzidwa kuti wamasulidwa kotheratu, akagwanso atsala ndi njira ziwiri zokha: kufuna mneneri wina wamphamvu koposa, ndalama ziri m'manja, kapena kubisa. Ndipo chimo lobisika limakula ngati cironda comangidwa ndi nsanza.

Cina cimene cimadabwitsa otembenuka catsopano ndi cakuti mayesero aoneka ngati acuruka atapulumuka. Kweni-kweni sanacuruke, cacuruka ndi kumva. Kale munthuyo anali kumwa, kunama ndi kucita cigololo popanda comtsutsa mumtima, cifukwa munalibe mbali ziwiri zoti nkumenyana. Mtembo sumva munga. Tsopano mwalowa cifuniro catsopano, ndipo pamene pakomana ziwiri pamabuka nkhondo. Cifukwa cace abusa odziwa nchito yao saopera kwambiri munthu amene abwera akulira kuti wagwanso. Amene amuopera ndi uja wapangana mtendere ndi chimo lace, nalipezera dzina lokoma. Pakuti Paulo yemwe uja, mu Aroma mutu 6, akaniza kolimba maganizo akuti munthu apitirire kucimwa popeza cisomo ciripo.

Mwambo wakale uja wa kubweza wocimwa uli ndi zobvuta zace. Kawiri-kawiri umagwira macimo ooneka ndi maso, monga mimba ya mtsikana wosakwatiwa ndi kuledzera kwa pa mseu, nuphonya umbombo, miseche ndi nkhanza za m'nyumba. Ndipo mtsikana amaima yekha pa bwalo, mwamuna amene anampatsa mimbayo atazemba. Akulu ena amaucita ngati mlandu wa kwa mfumu, kuiwala kuti colinga cace ndi kuciritsa. Koma pamene ucitika bwino, woletsedwa Mgonero sathamangitsidwa m'chalichi. Amakhala pa mpando Lamulungu liri lonse namva Mau pamodzi ndi anzace, mkulu wa dera lace amamyendera kunyumba, ndipo nthawi yace ikakwana dzina lace limachulidwanso pakati pa iwo akudya pa gome. Samubatizanso kaciwiri, popeza mpingo uwerengera kuti ubatizo wace woyamba uja ukali ciimire.