Akatswiri a kuima: mabuleki oposa onse padziko, ndi mapadi oyenera misewu ya ku Mzimba

Kawiri pachaka, pa boma la Mzimba pamaoneka magalimoto omwe miyezi ina yonse sitiwaona: mu Ogasiti pa mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora, ndi mu Disembala pamene ana a kuno ogwira ntchito ku Joni abwera kudzadya Khirisimasi ndi makolo. Ena mwa iwo sabwera pa basi. Amatulukira pa BMW kapena Benz ya nambala ya GP, yonyezimira, yotsika mimba ngati ikununkhiza msewu. Anyamata a kabaza amaizungulira, ndipo funso lawo n'limodzi: imathamanga bwanji? Woti afunse kuti imaima bwanji palibe.

Chaka china ndinaiona imodzi yotere ili pa jeke kuseri kwa galaja ina, tayala lakutsogolo litagona pambali. Makaniko anasolola kachitsulo kosaposa chikhatho n'kukaika m'manja mwa mwini galimoto. Mnofu wake wonse unali utatha, patangotsala chitsulo chonyezimira ngati mpeni wonoledwa kumene. "Adada, apa yayamba kale kudya disiki," anatero. Galimoto yomwe inadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete osatsokomola n'komwe inagona pamenepo mpaka chaka chatsopano, kudikira mapadi a mabuleki kuti abwere pa basi. Akale anati kuthamanga sikufika. Tiyeni tione akatswiri a mabuleki padziko lapansi, ndi zomwe aliyense wa iwo akutiphunzitsa ife oyenda pakati pa Jenda ndi Chikangawa.

Oyamba pa onse: chikopa cha mu 1888

Mu Ogasiti 1888, Bertha Benz, mkazi wa Carl Benz, anatenga galimoto ya mwamuna wake osamutsanzika, nanyamuka ndi ana awo awiri kuchoka ku Mannheim kupita kwa mayi ake ku Pforzheim m'dziko la Germany, mtunda woposa makilomita 100. Mabuleki a galimotoyo anali zidutswa za thabwa, ndipo zitunda za m'njira zinawadya. Mayiyu anaima kwa wosoka nsapato namupempha kuti akhomerepo chikopa. Kholo la padi ya buleki ndi limenelo. Mu 1897 Herbert Frood wa ku England anayambitsa kampani ya Ferodo, dzina lomwe mpaka lero lili pa makatoni a mapadi. Buleki ya disiki inalembetsedwa ndi Frederick Lanchester mu 1902, koma dziko linaikhulupirira mu 1953, pamene Jaguar C-Type inapambana nayo mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans. Kuyambira kwa wosoka nsapato uja kufika lero, nzeru yake sinasinthe: chofewa chidyeke kuti cholimba chikhale. Padi inapangidwa kuti izitha.

Aakulu kuposa onse: mamilimita 440

Pa magalimoto oyenda m'misewu wamba, madisiki aakulu koposa ali pa Lamborghini Urus ndi pa ma Bentley ena. Disiki yakutsogolo ndi ya mamilimita 440 mulifupi, ndipo chopanira chake, chomwe amakaniko amachitcha caliper, chili ndi mapisitoni khumi. Kuti muone kukula kwake, yang'anani Sienta zonyamula anthu pa Jenda: limu ya mainchesi 14 ndi ya masentimita pafupifupi 36, kutanthauza kuti disiki ya Urus ndi yaikulu kuposa limu yonse ya Sienta. Sikuti anaikulitsa kuti izikongola. Urus imalemera matani oposa awiri ndipo imatha kupitirira makilomita 300 pa ola. Kulemera kumafuna buleki yolingana nako. Sienta ikasenza anthu khumi, matumba a kachewere ndi madengu a tomato pamwamba, kulemera kwachuluka koma mapadi ndi omwe aja aang'ono.

Oima msanga kuposa onse: masekondi 25.21

Opanga magalimoto a liwiro ali ndi mpikisano wawo: kunyamuka, kufika makilomita 400 pa ola, n'kuimanso. Mu 2017 Bugatti Chiron, yoyendetsedwa ndi Juan Pablo Montoya, inachita zimenezi m'masekondi 41.96. Kuima kokhako kunatenga masekondi 9.3 ndi mamita 491, pafupifupi mabwalo a mpira asanu kuwandanditsa. M'chaka chomwecho, Koenigsegg Agera RS ya ku Sweden inatsitsa nthawiyo kufika pa 36.44. Mu 2024 Koenigsegg Jesko Absolut inafika pa 27.83. Mu 2025 galimoto ya magetsi ya ku Croatia, Rimac Nevera R, inalanda ufumuwo ndi 25.79, koma m'chaka chomwecho Jesko Absolut inaubweza ndi 25.21.

Zonsezi zimachitikira pa bwalo la ndege kapena pa msewu woyesera magalimoto, popanda mbuzi, popanda mwana wothamangira mpira. Pa msewu wa M1 masamu ake ndi awa: galimoto ya makilomita 100 pa ola imadya mamita 28 pa sekondi imodzi, phazi lisanafike n'komwe pa buleki. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Amene wathamanga 120 amafunika malo anayi a amene wathamanga 60. Msewu wa M1 wosalala, umene ntchito youkonza kuchokera ku Lilongwe kudzafika pa Mzimba turn-off inayamba mu 2022, umanyengerera phazi, koma msika wa pa Jenda ukadali m'mphepete mwa tala momwe unalili.

Otentha kuposa onse: madigiri 1,000

Buleki siipha liwiro. Imalisandutsa moto. Pa mpikisano wa Formula 1 madisiki a kaboni amapitirira madigiri 1,000, mpaka usiku amaoneka akuyaka psuu kuseri kwa tayala, ndipo amabooledwa timabowo toposa 1,000 kuti mphepo iziwaziziritsa. Nzeru ya kaboniyi inachokera ku ndege, ndipo timu ya Brabham ndiyo inaibweretsa m'mipikisano mu 1976.

Kuno kwathu moto wotero mungaununkhize pa mitsetse ya ku Viphya. Mukatsatira thiraki ya matabwa yochokera ku Chikangawa, nkhalango yobzalidwa ya mahekitala 53,000 yomwe ili m'gulu la zazikulu koposa mu Africa, nthawi zina pamamveka fungo ngati la labala wopsa. Ndi mabuleki amenewo. Dalaivala amene amatsetsereka phazi lili pa buleki njira yonse amaphika mapadi, ndipo akapsa amasalala ngati galasi n'kusiya kugwira. Amaphikanso mafuta a mabuleki. Mafuta a DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri 230, koma amayamwa chinyezi, ndipo akakhalitsa amawira pa 155 pokha. Akawira, pedulo imalowa mpaka pansi, galimoto osamva. Ndi apo anthu amati mabuleki anaduka, pamene palibe chaduka. Mankhwala ake ndi awiri: tsikani mtsetse ndi giya yaing'ono kuti injini ithandize, ndipo sinthani mafutawo zaka ziwiri zilizonse.

Chopangidwa modabwitsa kuposa zonse: maola 45

Mu 2018 kampani ya Bugatti inaonetsa chopanira cha chitsulo cha titanium chomwe sichinasulidwe koma kusindikizidwa ndi makina, mumzinda wa Hamburg. Makinawo anayala ufa wa chitsulo mizere 2,213, kuwotcha mzere uliwonse ndi kuwala kwa laser, kwa maola 45. Chinatuluka cha masentimita 41 mulitali, cholemera makilogalamu 2.9 pamene cha aluminiyamu chimalemera 4.9. Ntchito yonseyo n'cholinga chopungula makilogalamu awiri pa tayala. Komabe ngakhale chopanira chotere, mkati mwake mumalowa mapadi omwe amatha ngati a Probox.

Odula kuposa onse: a kaboni ndi seramiki

Madisiki osakaniza kaboni ndi seramiki anafika pa magalimoto a mumsewu cha m'ma 2000 ndi 2001, pa Mercedes-Benz CL 55 AMG yapadera ndi pa Porsche 911 GT2, kenako pa Ferrari Enzo mu 2002. Pa Porsche mumawazindikira ndi chopanira chachikasu. Amalemera theka la madisiki achitsulo, sachita dzimbiri ndipo amapirira moto. Koma kuwaitanitsa pa Porsche yatsopano kumawonjezera madola a ku America oposa 8,000, ndipo kugula ena akawonongeka kumaposa pamenepo. Ambiri a iwo kutha kwake sikuoneka ndi maso okha: amawachotsa n'kuwaika pa sikelo, chifukwa kulemera kotsiriza kololedwa kunalembedwa pa disikipo.

Mdani wawo ndi mwala. Amabenthuka ngati mbale yadothi. Mwala wolowa pakati pa padi ndi disiki pa msewu wa fumbi wa ku Luwawa kapena wolowera m'midzi ya ku Embangweni ndi Edingeni, kapena makaniko wogunditsa limu pochotsa tayala, akhoza kuwononga ndalama zogulira khola lonse la ng'ombe. Madisiki amenewa ali ndi mapadi awoawo, ndipo mukaikapo ena aliwonse mwawapha. Musasokonezekenso ndi katoni yolembedwa kuti mapadi a seramiki: amenewo ndi a madisiki wamba achitsulo. Walira mvula walira matope. Wofuna galimoto ya chopanira chachikasu ayambe wafunsa mtengo wa mapadi ake.

Otsika mtengo kuposa onse: khosi la ng'ombe ndi patapata

Boma la Mzimba, lalikulu kuposa maboma onse m'Malawi, ndi dziko la ng'ombe ndi ngolo. Ngolo zambiri buleki yake ndi goli pakhosi la ng'ombe ndi mawu a mnyamata woyendetsa. Pa njinga, timalabala ta buleki tikatha, mwana amakanikiza patapata pa tayala lakumbuyo, monga anachitira Bertha Benz ndi chikopa chake. Mabuleki amenewa ali ndi ubwino umodzi: sanama. Mwini wake amadziwa malire awo ndipo sathamanga kuposa pamenepo.

Oopsa kuposa onse: a katoni yokongola

Oopsa ndi amene amanama. Mapadi achinyengo amabwera m'katoni ya dzina lotchuka, mtengo wake theka. Pa tala wosalala wa m'tauni amagwira bwinobwino. Akatentha pa mtsetse, mnofu wake umatha kumatuka pa chitsulo. Pogula mapadi a galimoto ya ku Ulaya, yang'anani chizindikiro cha ECE R90 pa katoni ndi pa padi penipeni, ndipo gulani kwa wogulitsa yemwe mawa mungamupeze pamalo pomwepo. Mayina monga Brembo, Textar, Pagid, ATE ndi Akebono ndi odalirika, n'chifukwa chake akuba amakonda kuwaba.

Pali chinyengo chinanso chomwe munthu amadzichita yekha: kugula mapadi a mpikisano poganiza kuti ndiwo abwino koposa. Ambiri a iwo amagwira bwino akatentha basi. M'mawa wa mu Juni, m'chifunga cha ku Chikangawa chomwe chimabisa thiraki ili pamphuno, mumafuna padi yogwira ikadali yozizira. Mapadi ofewa sachita phokoso koma amatha msanga. Osakaniza zitsulo amapirira moto ndi katundu, koma amadetsa malimu ndi kudya disiki. A seramiki ndi aukhondo ndi odekha. Kwa galimoto yamphamvu yoyenda m'zitunda, njira yosaphonya ndiyo kuika mtundu womwe fakitale inaika. Itanitsani ndi nambala ya chasisi ya zilembo 17, osati ndi dzina la galimoto lokha, chifukwa ma BMW awiri ofanana nkhope amatha kusiyana mabuleki.

Nambala yaing'ono kuposa zonse: mamilimita atatu

Pa manambala onse a m'nkhani ino, iyi ndiyo yoti muisunge. Padi yatsopano imakhala ndi mnofu wa mamilimita 10 mpaka 12. Ukafika pa atatu, sinthani. Musadikire kulira kwa chitsulo, ndipo nyali ya pa dashibodi ikayaka musaiphimbe ndi tepi. Fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimapera mapadi msanga kuposa momwe buku la galimoto limanenera, choncho suzumirani kuseri kwa tayala musanayambe ulendo wautali.

Pa galaja, khalani pomwepo muone izi. Mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, nthawi imodzi. Disiki iyezedwe, chifukwa kupyapyala kwake kotsiriza kunadindidwa m'mphepete mwake. Pa BMW, Benz ndi Porsche pali kawaya kodziwitsa kuti padi yatha, ndipo kakadyeka kamasinthidwanso. Ngati handibuleki ndi ya batani, pisitoni yakumbuyo isakankhidwe ndi mphamvu, koma galimoto iuzidwe kaye ndi kompyuta kuti imasule. Chopanira chisalendewere pa paipi ya mafuta. Fumbi lake lisauziridwe ndi pakamwa, poti mapadi ena otchipa amatha kukhala ndi asbestos, chinthu chowononga mapapo chomwe dziko la South Africa linaletsa mu 2008. Tayala likabwerera, popani pedulo mpaka ilimbe galimoto isanasunthe. Kenako pezani msewu wopanda anthu, thamangani pang'ono, mangani buleki modekha osaima kwenikweni, mubwereze kangapo kuti padi ndi disiki zizolowerane. Makilomita 200 oyamba yendani ngati mwanyamula mazira.

Choncho achimwene a ku Joni, pamene mukulongedza mabulangete a amama ndi jekete la adada, siyani malo a katoni imodzi yaing'ono: mapadi a kutsogolo, a kumbuyo, kawaya kake ndi botolo la mafuta a mabuleki. Ku Johannesburg mungazipeze tsiku lomwelo, pamene pa boma la Mzimba mungazidikire sabata zingapo galimoto ili pa jeke. Anyamata a kabaza akadzakufunsani kuti imathamanga bwanji, dzawaonetseni kuseri kwa tayala, muwauzenso momwe imaimira.