Alamu ya mwini wakale inatsala pang'ono kundidanitsa ndi anansi

Alimi anzanga amene mukulingalira zogula nyumba mukagulitsa fodya kapena soya, tamvani zimene zinandionekera ine.

Pogula nyumba ina pafupi ndi Mponela, ndinayang'ana malata, zitseko ndi chipinda chosungiramo zokolola. Kabokosi ka mabatani a manambala kamene kanali kuseri kwa chitseko sindinakalabadire. Mwini wakale anangondipatsa makiyi n'kukwera basi ulendo wa kwawo, ine osafunsa kanthu. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Usiku wachitatu magetsi anazima. Posakhalitsa lipenga lina pakhoma la kunja linayamba kulira mogonthetsa m'khutu. Anansi anathamanga ndi zibonga, mipini ndi matochi. Tinazungulira nyumba yonse, wakuba osaoneka. Sabata yomweyo zinachitikanso kawiri. Ulendo wachitatu kunabwera mkulu mmodzi yekha.

"Achimwene," anatero mkuluyo, "ife mawa tikulawirira kumunda. Chinthu chanuchi chikaliranso musatiyembekezere."

Mawuwa anandilasa mtima. M'nyumbamo munali matumba 12 a feteleza ndi chimanga cha chaka chonse. Tsiku limene mbala zikanabweradi, ndani akanadzuka?

Kutacha ndinatenga pulayala n'kudula waya wopita ku lipengalo. Linalira kuposa kale. Apa m'pamene ndinaitana mmisiri wa zamagetsi wodziwa za ma alamu, ndipo zimene anandiphunzitsa ndi izi.

Kabokosi ka manambala kaja n'kongolamulira chabe. Bokosi lenileni limabisidwa, ndipo langa tinalipeza pamwamba pa kabati ya zovala. M'kati mwake mumakhala batire ya 12 volts yogwira ntchito magetsi akazima. Batire yotere imatha mphamvu pakapita zaka 3 mpaka 5, ndipo yanga inali itafufuma. Lipenga la panja nalo lili ndi kabatire kakekake. Mphamvu yochokera ku bokosi ikangoduka, ilo limayesa kuti wakuba wadula waya, basi n'kuyamba kulira ngakhale alamu isanatcheredwe. N'chifukwa chake linkalira magetsi akazima, n'chifukwa chakenso pulayala yanga inangoonjezera phokoso.

Mmisiri uja anaika batire yatsopano ndi kulumikiza waya ndinadula uja. Kenaka anafufuta manambala onse akale n'kuika yanga. Ichi n'chofunika, chifukwa nambala yakale angaidziwe alonda, antchito ndi achibale a mwini wakale.

Tinayenderanso tizipangizo tonse. Pazitseko pali timaginito timene timadziwitsa bokosi chitseko chikatseguka. Chitseko cha matabwa chikafufuma ndi mvula, timaginitoti timatalikirana, alamu n'kulira popanda munthu. M'ngodya za zipinda muli tina timene timamva kutentha kwa thupi loyenda. Toteretu timapusitsidwa ndi mileme, makoswe, ngakhale nalimata woyenda pagalasi pake. Mwa kamodzi tinapezamo kangaude atamanga.

Chinandiseketsa n'chakuti mwini wakale anatchinjiriza pabalaza pamene pankakhala wailesi yakanema, koma chipinda cha zokolola chinalibe kanthu. Tinasamutsira kachipangizo kamodzi kumeneko, chifukwa chuma cha mlimi chili m'matumba.

Tsono anzanga, musanapereke ndalama yomaliza ya nyumba, funsani nambala ya alamu, buku lake ndi chaka chimene anasintha batire. Muuzeni mwini wake aitchere ndi kuizimitsa inu mukuona. Bokosi lalikulu musatsegule nokha, mumalowa magetsi a 230 volts amene angathe kupha munthu. Batire yakutha musataye m'dimba kapena pafupi ndi chitsime, muli mtovu ndi asidi. Ngati alamuyo simukuifuna, itanani mmisiri aichotse mwadongosolo, osati kudula mawaya monga ndinachitira ine.

Ntchito itatha ndinayenda khomo ndi khomo kupepesa. Loweruka masana ndinaitana anansi, tinazimitsa magetsi pa switchi yaikulu, lipenga linangoti zii. Kenaka ndinatchera alamu n'kutsegula chipinda cha zokolola, linalira pompo. Mkulu uja anagwedeza mutu nati: "Tsopano likalira tibwera."

Alamu siigwira mbala, imangodzutsa anthu. Isamaleni kuti ikalira anansi azikhulupirira.